Dzinja Limene Ababa Sanagone

Chiguduli chikanyowa chimatulutsa fungo lakelake, la fumbi lakale ndi nkhungu, longa la nkhokwe yodontha. Mpaka lero ndikalimva pamsika wa ku Concession, kuno ku Zimbabwe, pamene azimayi amafunditsa repu ndi matimati kuti zisafote, mtima umandibwezera ku komboni ya pa pulazi imene ndinabadwirapo. Nyumba yathu inali ya zipinda ziwiri, kumapeto kwa mzere, moyang'anana ndi chigayo. M'dzinja la chaka chimene ndinali mu giredi folo, chiguduli chotero chinkalendewera pawindo la kuchipinda kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, ndipo ntchito yochinyowetsa chikauma inali yanga. Kuseri kwake kunali ababa, atadzitambasula pamphasa, maso ali chitsekere, akudikira tulo.

Ababa, a Zuze, ankasonkha moto ku mabalani, nyumba zazitali za njerwa zimene amaumitsiramo fodya. Tsamba likathyoledwa kumunda lili laliwisi, amalipachika m'balani n'kutseka chitseko, ndipo moto wa m'ng'anjo suyenera kuzima kapena kukula mopyola, usana ndi usiku womwe, mpaka tsambalo litakhala lachikasu n'kuuma. Wosonkha moto akangowodzera, balani yonse yapita. Kale osonkha moto ankakhalapo angapo ndipo ankalandirana. Koma chaka chimenecho pulazi inali itangosintha mwini, ndipo anyamata ambiri anali atathawira ku Shamva kukakumba golide. Ababa anatsala okha usiku pa mabalani onse. Ankachoka kunyumba dzuwa likulowa, atanyamula botolo la tiyi wakuda bii, n'kubwerako m'mawa nkhuku zitatsika kale, maso ali psuu, malaya akununkha utsi ndi kafungo kotsekemera ka fodya wakupsa.

Ndiyenera kunena za nyumba ija, chifukwa zonse zinatsamira pamenepo. Sinali yathu. Inali ya ntchito, ndipo tsiku limene ntchito ya ababa ikanatha, nyumbanso ikanatha. Anzanga a Chishona kusukulu, tchuthi chikafika, ankati akupita kumusha, ndiko kumudzi kwawo. Ife kumudzi kwathu kunali m'nkhani chabe. Ababa anachoka ku Angoniya, m'chigawo cha Tete, akadali mnyamata, pothawa nkhondo, ndipo sanapondekonso. Amayi, a Rozina, anabwera pambuyo pake ali kale munthu wamkulu. Tikanachotsedwa pa pulazi, tikanangoima pamsewu ndi mapoto athu, osadziwa kolowera. Zimenezi ababa ankazidziwa, amayi ankazidziwa, ndipo inenso ndinkazidziwa ngakhale panalibe amene anandiuza.

Pa komboni aliyense ankalankhula chathu, a ku Malawi ndi a ku Mozambiki omwe, ngakhalenso Ashona ochepa amene anakalambira pakati pathu. N'chifukwa chake amayi sanadzivute kuphunzira Chishona bwinobwino. Chawo chinali cha pamsika, chogulira mchere ndi sopo. Akasowa liwu, ankangotenga lathu n'kuliveka malaya a Chishona, basi, ulendo n'kumapitirira. Ife ana a sukulu tinkafa nazo n'kuseka, iwonso ankaseka nafe, n'kumati lilime lawo linakhwima asanawoloke malire.

Amene sanayesepo kugona masana pa komboni sangamvetse zimene ndikunenazi. Denga lathu linali la malata, ndipo dzuwa likangokwera pang'ono linkayamba kuthetheka ndi kutentha. Mvula ikagwa malatawo ankasokosa osamvana mawu, ikasiya nthunzi inkakwera kuchokera pansi m'nyumba n'kumachita chinyezi. Chigayo chinkagunda mpaka makapu kumanjenjemera pa shelefu. Thirakitala inkadutsa kuseri kwa nyumba yathu ikukoka ngolo ya fodya, ndipo wailesi ya a Bonifasi, oyandikana nafe, inkaimba nyimbo za sungura tsiku lonse ngati ili pa ganyu. Panalinso atambala, ntchentche, ana osewera mpira wa mapepala, ndi mlongo wanga Mateyu, amene anali kumera mano ndipo chilichonse kwa iye chinali cholirira.

Amayi ankapita kushedi kukamanga fodya pa zingwe pamodzi ndi azimayi anzawo, choncho anandiika ine kukhala mlonda. Masiku ambiri a dzinja limenelo sindinapite kusukulu, ndipo patapita nthawi aphunzitsi analeka kufunsa. Ndinkakhala pakhomo ndi kamtengo m'manja, Mateyu ali kumbuyo. Tambala wathu ndinkamuvundikira ndi dengu, chifukwa akaona mdima ankakhala chete. Ana anzanga ndinkawapirikitsa kuti akasewerere kutali, mpaka anandipatsa dzina loti Shii, ndipo ankandiitana choncho ngakhale kuchitsime. Ndinaphunzira kuthira madzi m'ndowa motsetsereza m'mbali kuti asalire, kuyenda chanyang'anyang'a m'nyumba mwathu momwe, ndi kudya maputi, chimanga chokazinga chija, mowanyika kaye m'malovu kuti asamveke kukukuta. Tsiku lina ndinalimba mtima n'kukapempha a Bonifasi kuti atsitseko wailesi. Anandiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi n'kundifunsa ngati bambo anga ndi amene anagula mabatire.

Mankhwala a tulo ndiye anabwera osati masewera. Ababa akangofika m'mawa, amayi ankawaviika mapazi m'madzi ofunda othira mchere, n'kuwapatsa phala la madzimadzi kuti asagone ndi njala komanso asagone atakhuta kwambiri. Ankanditumiza kumtsinje kukathyola zumbani, kachitsamba konunkhira ngati mandimu, n'kuwiritsa masamba ake kuti ababa amwe m'malo mwa tiyi. M'makutu ankawatsekamo thonje. Ming'alu ya chitseko anaimata ndi mapepala kuti kuwala kusalowe. Agogo ena a kumzere wa kumtunda anati mutu uziyang'ana kum'mawa, ndipo tinatembenuza mphasa. Ena anati ayi, kum'mawa ndi kumene kumachokera dzuwa, n'chifukwa chake sakugona, ndipo tinaitembenuzanso. Pansi pa pilo panakhalapo anyezi wodula pakati, kenako kolona wa akatekisi, kenako zonse ziwiri pamodzi.

Abiti Saidi, mayi wa Chisilamu amene ankakazinga mandasi pafupi ndi sitolo, ndi amene ankatimvera chisoni chenicheni. Anabwera ndi kabotolo ka mafuta a nsatsi, n'kuonetsa amayi mopakira pa liwombo ndi kuphazi. Asanatuluke anaimirira pakhomo la kuchipinda, manja atatambasula, n'kunong'ona pemphero la kwawo. Amayi anali Mkatolika wosaphonya misa, koma anangoweramitsa mutu mpaka pemphero litatha. Nditawafunsa pambuyo pake ngati akatekisi sakwiya, anati, "Tulo tilibe mpingo, mwana wanga." A Bonifasi nawonso anabweretsa nzeru zawo. Anati mwamuna sagonekedwa ndi masamba ngati khanda, koma ndi kapu ya chikokiyana, mowa uja wofululidwa tsiku limodzi. Ababa anayesa kamodzi. Anagonadi pang'ono, koma anadzuka akusanza, mutu ukung'ambika, ndipo madzulo ake anapita ku mabalani akuyenda mokhotakhota.

Vuto linali lakuti chimene chinkawasunga maso usiku ndi chomwecho chinkawamana tulo masana. Amayi atawaletsa tiyi wakuda uja, ababa anafunsa kuti nanga moto aulondera ndi chiyani. Ndiponso ngakhale tsiku limene komboni inali zii, chigayo chitawonongeka, Mateyu atagona, tulo tinkangowanyengerera. Ndinkamva kupuma kwawo kukuyamba kutalika, ine n'kugwira mpweya wanga kuti ndisasokoneze. Kenako mwadzidzidzi ankavumbuluka pamphasa akukuwa kuti moto wazima, manja akufufuza fosholo pakhoma. Akazindikira kuti ali m'nyumba, ankakhala pansi atagwira mutu, thukuta lili kamukamu. Zikatero ndiye kuti tsiku limenelo latha, sagonanso.

Panali munthu mmodzi amene kamtengo kanga sikankamuopsa. Ameneyo anali a Jailosi, folomani wa pa pulazi, Mchewa mnzathu wobadwira pa komboni yomweyo, woyenda pa njinga ndi wenzulo m'khosi. Masiku ena ankafika dzuwa lili paliwombo n'kugogoda chitseko ndi phazi, kuti ababa akathandizeko pang'ono kutsitsa fodya wouma, poti anthu anali ochepa. Pang'ono pa a Jailosi pankatha dzuwa litapendeka. Ababa akachedwa kutuluka, iwo ankaseka ali panja n'kumati, "Pakadafunda padajiwitsa galu, a Zuze." Aliyense pa komboni ankadziwa kuti a Jailosi anali ndi mlamu wawo amene ankagona pakhitchini pawo ndi mkazi ndi ana, akudikira ntchito yokhala ndi nyumba. Ndinkawada a Jailosi ndi mtima wanga wonse, koma ndinkawagwadira powapatsa moni monga anandiphunzitsira.

Masiku ano mwana wanga wamkazi amakonda kundiwerengera malangizo a pa foni a kagonedwe kabwino. Akuti chipinda chizikhala chamdima ndi chozizira, usamwe tiyi nthawi yogona ikayandikira, uzigona nthawi yofanana tsiku lililonse, usalowe m'bulangete ndi nkhawa. Ine ndimangomuyang'ana. Zamdima ndi zozizirazo tinazichita ndi chiguduli, za tiyi tinazimenyera nkhondo. Koma sindinamvepo foniyo ikunena choti achite munthu amene akagona usiku banja lake ligona pamsewu.

Pofika pakati pa dzinja ababa anali atasanduka munthu wina. Kale anali oseketsa, oimba mluzu posoka nsapato zathu, okonda kundinamiza kuti ku Tete mbuzi zimalankhula Chipwitikizi. Tsopano ankathira mchere mu tiyi osazindikira. Ankayamba chiganizo n'kuchisiyira panjira, maso ali pakhoma. Kawiri konse anandiitana ndi dzina la mlongo wawo amene anamwalira ine ndisanabadwe. Ndiye tsiku lina, nditavutika m'mawa wonse mpaka kupuma kwawo kutayamba kutalika, Mateyu anakoka chivundikiro cha poto patebulo. Chinagwa pa simenti n'kuyamba kuzungulira chikulira, chikulira, osafuna kuima. Ababa anatuluka m'chipinda n'kundiwomba khofi limene linandigwetsera pachitseko. Anali asanandimenyepo chibadwire changa. Atatero anakhala pakhonde n'kumayang'ana dzanja lawolo nthawi yaitali. Ine sindinalire mokweza, chifukwa ndinali nditazolowera kusachita phokoso. Koma tsiku limenelo ndinadana nawo, ndinadana ndi fodya, ndi malata, ndi Mateyu yemwe.

Sipanapite nthawi, m'mawa wina anabwera atakulunga mkono m'malaya. Khungu linali litasupuka kuyambira pa chigongono kutsika. Anali atawodzera chiimire n'kutsamira chitseko cha ng'anjo. Amayi anawapaka uchi, ndipo atamaliza kumanga anati, "Bambo a Lusiya, mufera pamoto inu. Ine ndipita ndekha kwa amaneja, ndikapemphe akupatseni mnzanu wolandirana naye."

"Musayerekeze, amake Lusiya," anatero ababa. "Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Dzinja likutha ili, ndipirira."

"Mukapirira m'manda?"

Ababa analowa kuchipinda, ine n'kukanyowetsa chiguduli.

M'mawa mwake, ababa atangogona pamphasa, amayi anavala chitenje chawo cha kutchalitchi n'kundiuza kuti ndibereke Mateyu tiwaperekeze. Ofesi ya amaneja inali kachipinda kophatikana ndi shedi yosankhira fodya. Amanejawo anali atsopano, obwera ndi mwini watsopano uja, bambo wachinyamata wa nsapato zoyera amene tinkangomumva akulankhula Chishona ndi Chizungu. M'njira monse amayi ankayeseza mawu awo chapansipansi. Nditati ndiwathandize, anandikaniza. Anati mayi wa ana awiri sangakalankhuliridwe ndi kamwana pamaso pa amuna, ndiponso nkhani yake inali yaifupi, yosafuna womasulira.

Tinapeza a Jailosi ataimirira pakhomo la ofesi, ndipo anatilowetsa akumwetulira. M'katimo munkanunkha fodya wouma ndi mafuta a thirakitala. Amayi anagwada pa simenti, n'kuwomba m'manja mwa Chishona monga ankaonera anzawo, kenako anayamba. "Shefu, baba vaLusiya havagone. Usiku havagone, masikati havagone. Kubva mvura yakatanga, havagone."

Mtima wanga unagwa. Kwathu kugona ndi kupeza tulo. Koma m'Chishona kugona ndi kuitha ntchito, kuidziwa bwino, ndipo za tulo iwo amati kurara. Amayi ankafuna kunena kuti mwamuna wawo sakupeza tulo. Zimene zinatuluka pakamwa pawo zinali zakuti mwamuna wawo ntchito sakuitha, usiku sakuitha, masana sakuitha, chiyambire mvula.

Amaneja anasiya zimene ankachita n'kutsamira kumbuyo pa mpando. "Havagone basa?" anafunsa, kutanthauza kuti kodi ntchito yawakanika. Amayi atamva liwu loti basa, ndiyo ntchito, anaganiza kuti akufunsidwa ngati ababa amagona pa ntchito, ndipo anadzutsa mutu kuti ateteze mwamuna wawo. "Aiwa, shefu! Pabasa havagone kana padiki. Bvunzai foromani." Ankati akunena kuti pa ntchito sagona ngakhale pang'ono, afunse a folomani, koma m'Chishona zinamveka kuti ntchito sakuitha ngakhale pang'ono.

Pamenepo sindinathe kudzigwira. Ndinalankhula Chishona changa cha kusukulu kuti amayi akutanthauza kurara, kuti ababa sakupeza tulo. Ndisanamalize n'komwe a Jailosi anandidula. "Iwe! Mwana wopanda mwambo, akuluakulu akulankhula?" Anatero m'Chichewa chomveka bwino, chomwecho chimene akanatha kukonzera nacho nkhani yonse ndi mawu awiri okha. Amayi, pochita manyazi, ananditsina pa mwendo kuti ndikhale chete. Amaneja anandiyang'ana pang'ono, kenako anayang'ana a Jailosi, n'kuuza amayi kuti amva ndipo akonza zinthu. Amayi anawomba m'manja kuthokoza mpaka tinatuluka.

Pobwerera ankayenda mopepuka, akung'ung'udza nyimbo ya kwaya, zimene ndinali ndisanazimve dzinja lonse. Ndinayesa kuwafotokozera za liwu lija. Anandiseka. "Amva, iwe. Munthu wophunzira ngati uja angalephere kumva zoti munthu sakugona? Si wanena yekha kuti akonza?" Ndipo poti anali amayi anga, ndiponso poti ndinkafunitsitsa kuti zikhale choncho, ndinakhulupirira.

Madzulo a tsiku limenelo ababa anatenga botolo lawo la tiyi n'kunyamuka monga mwa masiku onse. Kusanade anabwerera. Botolo linali lodzaza. Anaima pakhomo n'kuyang'ana amayi, amene anali kusenda mbatata, ndipo anawayang'ana nthawi yaitali moti mpeni unaima m'manja mwawo. Analowa kuchipinda n'kudzigwetsa pamphasa ndi majombo omwe. Panalibe madzi amchere, panalibe zumbani, thonje linali pa shelefu, wailesi ya a Bonifasi ikusokosa monga mwa nthawi zonse. Koma ababa anagona. Anagona tulo tofa nato usiku wonse, ndipo kutacha anali chigonere, pakamwa pali yasa, akuliza mkonono umene unkamveka mpaka panja.

Chisangalalo chimene ndinali nacho m'mawa umenewo ndimachita nacho manyazi kuchikumbukira, koma chinali chenicheni. Ndinaganiza kuti amaneja asunga lonjezo, apatsa ababa tchuthi. Ndinathamanga mzere wonse wa komboni, ine amene ndinkatchedwa Shii, ndikukuwa kuti ababa agona, ababa agona. Azimayi pachitsime anasiya kucheza n'kumayang'ana pansi. Nditafika pa Abiti Saidi, ndinawauza kuti mafuta awo a nsatsi agonja, mankhwala enieni apeza ndi amayi ku ofesi. Iwo anachotsa chiwaya pamoto, n'kundikokera pachifuwa pawo, n'kundigwira choncho mpaka ndinayamba kudabwa. Pobwerera ndinaona mlamu wa a Jailosi akuchokera ku mabalani, atanyamula fosholo ya ababa paphewa. Amayi ndinawapeza kuseri kwa nyumba atakhala pansi, miyendo itatambasuka, akuyang'ana kumunda.

Mwezi usanathe, thirakitala yomwe ija inatinyamula ndi katundu wathu n'kukatitsitsa pamsewu waukulu. Bambo wina wa kutchalitchi kwathu anatilola kumanga kachisakasa kuseri kwa nyumba yake ku Concession, ndipo kumeneko ndi kumene ndinakulira. Ababa ankagwira maganyu akapezeka, koma nthawi zambiri ankangogona. Ankagona m'mawa, ankagona masana, mpaka anthu anayamba kunena kuti a Zuze ndi aulesi, iwo amene anatha dzinja lathunthu ali maso. Sanawanenepo amayi mawu oipa pa nkhani ija, ngakhale kamodzi, ndipo ndikukhulupirira kuti kukhala chete kumeneko kunapweteka kuposa kutukwana. Amayi atamvetsa zimene ananena mu ofesi muja, Chishona anachisiyiratu. Kumsika ankanditumiza ine. Munthu akawalonjera m'Chishona ankangogwedeza mutu n'kudutsa, ndipo ambiri ankawayesa onyada. Nthawi zina pochapa ankadzimenya pakamwa ndi dzanja lonyowa n'kumati, "Pakamwa apa ndi pamene panagwetsa nyumba."

Zaka zambiri pambuyo pake, ababa ndi amayi onse awiri atapita, ndinali pa siteji ya mabasi ku Chinhoyi m'mawa wina, ndikukalipira mwana wanga m'Chichewa chifukwa chotaya chipewa. Bambo wina waimvi amene anakhala pa benchi anatembenuka akumwetulira. Ndinamuzindikira nthawi yomweyo kuti anali maneja uja, ngakhale nsapato zake sizinalinso zoyera. Iye sanandizindikire. Anati, "Mwagona bwanji, amayi?" Chichewa chake chinali chosalala, chopanda chilema. Anandiuza mokondwa kuti akamva chilankhulo chimenechi amakumbuka ubwana wake, poti anakulira pa pulazi ina kufupi ndi Shamva, akusewera ndi ana a pa komboni, ndipo anachilankhula asanayambe n'komwe sukulu. Ndinamuyankha kuti tagona, kaya iwo, chifukwa ndi mmene anandilerera. Basi itafika ndinakwera ndi mwana wanga.

Ndili mwana ndinkaganiza kuti tinagwa chifukwa cha liwu limodzi lokhala ndi matanthauzo awiri, ndipo kuti ndikanakuwa mokweza pang'ono, kapena amayi akanadziwa kunena kurara, bwenzi tikadali m'nyumba ya kumapeto kwa mzere. Ndinkakhulupirira kuti munthu akapanda kukumva, ndiye kuti iwe sunalankhule bwino. Tsopano ndikudziwa kuti mu ofesi muja tinalimo anthu anayi odziwa kulankhula, ndipo amene sanamve zimene zinkachitika anali amayi okha. Amuna awiri aja anamva zonse. Anaona mkazi atagwada akupempha kuti mwamuna wake apume, anaona kuti munthuyo watha mphamvu ndipo tsiku lina awotcha balani, ndipo liwu lija linangowapeputsira ntchito. Zimenezi ndinazidziwa mochedwa, woti ndikamuuze palibe. Amayi anapita kumanda akukhulupirira kuti linawalakwira ndi lilime lawo.